Tsiku limene ndinaulula chimfine cha abwana

Ntchito yanga yoyamba ya mu ofesi ndinaipezera pakhomo la tchalitchi. Ndinali nditangomaliza maphunziro kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa South Bend, satifiketi ili m'sutikesi, ine ndikusambitsa nkhalamba kumalo osungirako okalamba. Anti Nachisale, namwino wa kwathu amene tinkapemphera limodzi, anandikokera pambali. "Iwe Tadala, phungu wa dera lino akufuna munthu woyankha mafoni ku nyumba ya malamulo ku Indianapolis. Ukaapulaye mawa, usayambe zako zoti ndiganize kaye." Ndinalemba kalata, ananditenga. Ndinapeza kachipinda ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakankha kagalimoto kanga kotopa kupita ku nyumba ya malamulo.

Pa desiki yanga panali foni ya malayini anayi. Aliyense woimba ndinkamulemba dzina, adiresi ndi dandaulo lake pa kapepala kachikasu, kenako n'kulowetsa mu kompyuta. Bilu iliyonse imene aphungu ankakambirana inali ndi pepala lake logawidwa pakati, ofuna uku, okana uku, ine n'kumangochonga. Makalata oyankha anali olembedwa kale. Ndinkasintha dzina lokha n'kuwapititsa pa makina osayinira, amene ankagwira cholembera n'kulemba siginecha ya abwana mokongola kuposa eni ake. Woyang'anira ofesi anali Mayi Carol, munthu wosataya mawu. Sabata yoyamba yomweyo anatopa ndi moni wanga. "Tadala, munthu sanaimbe kuti umufunse za ana ake. Dzina, adiresi, vuto, basi."

Chaka chimenecho kunagwa mliri wa chimfine cha nkhumba. Katemera ankafika pang'onopang'ono, ndipo popeza abwana anali wapampando wa komiti ya zaumoyo, aliyense wokwiya ankaimbira ife. A chipani chinacho ankati tachedwetsa ndalama ndife. Athu ankati achedwetsa ndi iwo. Magulu onse awiri ankathamangira pa wailesi, koma wotukwanidwa pa foni ndinali ine. Mayi wina anandikalipira akulira: "Mwana wanga ali ndi mphumu, ndaima pamzere m'mawa wonse, inu mukungokangana!" Ndinayang'ana pepala langa. Panalibe mbali yochongapo anthu otopa.

Koma nkhondo yoopsa inali m'nyumba mwathu momwe. Aphungu ena a chipani cha abwana ankafuna kuchotsa mtsogoleri wawo n'kuikapo wina. Abwana anali kumbali ya mtsogoleri wakaleyo. Mayi Carol anandifotokozera mosazungulira. Amene amagawa mipando ya makomiti ndi mtsogoleri. Iye akagwa, mpando wa abwana upita, ndipo desiki yanga inalipo chifukwa cha mpandowo. M'diroo mwawo munali pepala la mayina a aphungu onse, ndipo mbali ziwirizo zinali zofanana ndendende. Mavoti akafanana, mtsogoleri amakhalabe. Msonkhano wovota unali wa Lachinayi.

Lachiwiri m'mawa abwana sanafike. Mayi Carol anatseka chitseko. "Chawagwira chimfine, ali gone kwawo ku South Bend. Pofika Lachinayi adzuka. Wina akafunsa, ali kudera kwawo akukumana ndi anthu. Wamva?" Ndinamva. Atolankhani awiri anaimba, ndinawayankha momwemo osaphethira, mpaka kudziona ngati katswiri.

Cha m'ma leveni koloko ndinatuluka kukatenga makalata, ndipo m'khonde ndinakumana ndi Bambo Walter. Anali phungu wa chipani chathu chomwecho, wachikulire, tsitsi la mbuu. M'nyumba monsemo ndi iwo okha amene ankaima popereka moni. Ena onse amakufunsa kuti uli bwanji ali kale pa chitseko china. Kuti bambowa anali mbali iti pa mkanganowo, sindinadzifunsepo. Ndinkangodziwa kuti ndi munthu wamkulu waulemu.

"Nanga mnzanga uja ali bwanji? Sindinamuone lero," anafunsa.

Apa m'pamene chikhalidwe chinandigwetsa. Kwathu munthu wamkulu akafunsa za mnzake, sumuyankha ngati mtolankhani. Matenda timauzana kuti anthu akazonde, ndipo ukabisa, zikavuta amadzakufunsa kuti unabisiranji. Bodza lija ndinaliona kuti ndi la anthu akunja, osati a pabanja. Ndinaima, manja kumbuyo, n'kufotokoza zonse: kutentha thupi, chifuwa, zoti adokotala awaletsa kutuluka. Ndinawonjezanso kuti akawaimbira angasangalale. Bambo Walter anandigwira paphewa. "Pepa mwana wanga. Ndimupempherera." Ndinabwerera ku ofesi mtima uli myaa, ndikuti anthu abwino akadalipo.

Pasanathe ola, foni ya Mayi Carol inalira. Malamulo a chipanicho ankalola kuti aphungu okwanira akasayina pepala, msonkhano uitanidwe tsiku lomwelo. Ofuna kuchotsa mtsogoleri aja anali atasayina. Voti ya Lachinayi inali itasunthidwa kufika thu koloko masana omwewo, ndipo ulendo wochokera ku South Bend ndi wa maola pafupifupi atatu. Mayi Carol anayamba kuimba paliponse kupempha kuti adikire. Palibe anadikira. Akazi a abwana anawakweza m'galimoto atawafunditsa bulangete, n'kuuyamba. Ine ndinakhala pa desiki malayini onse anayi akuthwanima, ndikuyankha za katemera koma maso ali pa wotchi.

Abwana analowa m'khonde atavala masiki, akuyenda mogwira khoma, pamene m'chipinda chovotera munkamveka kuwomba m'manja. Mtsogoleri wakale anali atagwa ndi voti imodzi.

Mayi Carol ankazungulira mu ofesi akufunsa kuti waulula ndani. Ndikanatha kukhala chete, palibe akanadziwa. Koma pakamwa pomwe panandipachikapo panatsegukanso. "Ndine, mayi. Anafunsa ngati mnzawo." Anatembenukira kwa ine. "Mnzawo? Wakuuza ndani kuti muno muli anzawo a munthu?"

Abwana anali atadzigwetsa pa mpando, akutuluka thukuta. Anandifunsa kuti Bambo Walter anati chiyani nditawauza. Ndinati anati akupemphererani. Anaseka mpaka kutsokomola kosalekeza. "Zaka zonsezi tili limodzi muno, wayamba lero kundipempherera." Sanandikalipire, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa mbama.

Sabata yotsatira mtsogoleri watsopano anagawa mipando. Komiti ya zaumoyo inapita kwa Bambo Walter. Abwana anawasamutsira ku kaofesi kopanda windo, kokwana wothandizira mmodzi, ndipo mmodziyo anali Mayi Carol. Ndinalongedza kapu yanga ndi juzi m'katoni. Chimene chimandikwiyitsa mpaka pano n'choti ana a mphumu aja anapitiriza kuima pamzere. Pa mkangano wonsewo panalibe amene ankakangana za iwo.

Ndili potuluka ndi katoni yanga, ndinakumananso ndi Bambo Walter pa masitepe. Anaima monga mwa masiku onse, nkhope ili ngwee. "Uli bwanji, mwana wanga?" Ndinati ndili bwino, n'kudutsa. Kanali koyamba m'moyo wanga kusiya munthu wamkulu ali chiimire osamufunsa kuti kaya inu.

Ndagwira ntchito m'maofesi ena atatu kuchokera pamenepo. Ndinaphunzira kuti kuntchito, usanayankhe moni, uzidzifunsa kaye kuti wofunsayo akapita nalo kuti yankho lako. Lero munthu akandifunsa kuti abwana ali bwanji, ndimati ali bwino, ngakhale atagonekedwa m'chipatala. Sindinachotsedwenso ntchito. Koma nthawi iliyonse ndikayankha choncho, ndimamva manyazi ngati amayi anga akundimva.