Kampata ka pa Mano a Ba Lillian

Ku komboni ya George ukafunsa kumene amaluka tsitsi osakukoka ngati akuzula udzu, akulozera kuseri kwa kiyosiki ya madzi, pakhonde la ba Lillian. Ine ndimagulitsa tomato moyang'anizana nawo, ndiye za pakhondepo ndimaziona ndekha.

Ba Lillian anachokera ku Mufulira ali mtsikana, atanyamula chipeso chimodzi ndi pakamwa posatopa. Anthu amawadziwira pamutu. Akhoza kukudutsa pamsewu osakupatsa moni, koma ukangokhala pampando n'kuwerama, akumbukira dzina lako, la mwamuna wako, ndi mukule umene anakuluka pa Khrisimasi.

Ali ndi mwana mmodzi, Luse, wa zaka zitatu. Woluka alibe dzanja lotsala, ndiye Luse akayamba kulira, mayi ake ankangomukankhira foni ndi chigongono. Mwanayo ankakhala pa kasaka pambali pawo, mutu pansi, makatuni kumangotsatana mpaka batire kutha. Tonse tinkamuyamikira kuti ndi wofatsa. Nafenso kupusa! Mwana wa zaka zitatu wosafunsa mafunso, ife n'kumati ndi ulemu.

Tsiku lina ba Nsama, ogulitsa zovala za kaunjika zimene kuno timati salaula, ali pakati polukidwa, anafunsa: "Ba Lillian, uyu mwana afanana na ndani? Nibwela kuno lyonse koma sininamuonepo kumenso."

"Afanana na ine," anatero ba Lillian monyada. "Luse, yangana kuno, ba anti bakuone."

Luse sanadzutse mutu. Anamuitananso mokweza, koma zii. Ba Lillian anasiya tsitsi n'kuyang'ana pansi, ndipo chimene anaona ndi chomwe amaona pa makasitomala onse: pakati pa mutu. Atatola foniyo anapeza makatuni anatha kalekale, pali anthu akuluakulu akuswana ndi mabotolo. Luse anakuwa, maso ali pa foni, osati pa mayi ake.

Ba Nsama atapita, ba Lillian anawoloka kudzakhala pa benchi langa. "Ba neba," anatero, "mwana wanga nimuziba monga kasitoma." Misozi inatsika, ndipo inenso mtima unandipweteka.

M'mawa mwake foni inalowa m'chitini cha zipeso, chivundikiro phaa. Luse analira mpaka makasitomala ena kumati, "Mupaseni chabe, atiboola matu." Ba Lillian anakana. Anamuimika kutsogolo kwawo kuti aziwapatsira timitolo ta wigi. Paja iwo akamaluka amaluma chipeso, ndiye amapempha kamtolo ndi nsidze, ndipo wopatsira akapanda kuwayang'ana kumaso ntchito imaima. Poyamba timitolo tambiri tinathera m'fumbi. Luse akatopa, ankamutumiza kukasewera ndi anzake pamchenga pafupi ndi ine, n'kubwera atatuwa miyendo.

Foni sanaitaye ayi. Mutu ukatha, kasitomala n'kunyamuka, amamukhazika Luse pamiyendo, n'kusankha okha katuni imodzi, n'kuonera limodzi. "Uyu galu ayenda kuti? Chifukwa chani alila?" amamufunsa ba Lillian. Luse poyamba ankangoloza ndi chala. Masiku ano amayankha, ndipo mafunso ake atichulukira. Katuni ikatha, foni imabwerera m'chitini, ngakhale masiku ena pamakhalabe nkhondo.

Loweruka lapitali ba Nsama anabweranso. Ananena china choseketsa, ba Lillian n'kuseka mpaka chipeso kugwa. Luse anaima ndi kamtolo m'manja osakapereka, maso ali pakamwa pa mayi ake.

"Mami," anatero modabwa, "meno yanu yali na ka mpata pakati!"

Kampata kameneko George yense amakadziwa, ndipo kanalipo Luse asanabadwe. Ba Lillian anagwada pasimenti mpaka nkhope zawo zinalingana.

"Yangana bwino, mwana wanga," anatero. "Yangana mpaka ukhute."

Ba Nsama anadikira ndi mutu wolukidwa theka, ndipo sanadandaule.