Maluwa anga a ku Joni

Ine ndine mlimi wa chimanga, maluwa sindiwadziwa. Gulu lathu lodzipereka litagawana mabedi a maluwa pamsika wa Mitundu m'chilimwe, ndinachita manyazi kufunsa azimayi. Ndinangolowa ndi khasu. Popalira ndinadula mbande zonse za maluwa mosadziwa, n'kusiya zomera zimene zinkaoneka zamphamvu. Milungu itatu ndinkatunga madzi kumjigo, dzuwa likuswa mtengo, kuthirira bonongwe.

Nditazindikira, ndinauza gulu kuti amenewa ndi maluwa a ku Joni, amachedwa kumasula. Palibe anatsutsa, ndipo ndinkati ndapulumuka.

Loweruka ndinapeza apampando athu, mayi Nasibeko, atawerama pabedi langa, akuthyolera m'chitenje.

"Bambo, maluwa anuwa amakoma otendera. Musaleke kuthirira."

Ndinanyamula ndowa, ulendo wa kumjigo.