Bafa la m'chipinda chachitatu

Nchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha bulauzi yoyela. Amuna anga atamwalila, ndinachoka ku Nyalugwe ndi ana awili kukakhala kwa alongo anga pa Nyimba. Lamulungu lina titatuluka m'chalichi, a Sakala, kapitawo wa nyumba yogona alendo ya m'mbali mwa mseu waukulu, anaimitsa mlamu wanga nafunsa kuti ndani amamuchapila yunifomu ya chigwilizano. Mlamu analoza ine. M'mawa mwake ndinalandila ndowa, tsache, bulashi ndi nsanza ziwili.

Zinali zaka za chipani chimodzi, sopo akusowa m'masitolo, anthu akumaima pamzele theka la tsiku. Paudala wotsukila mabafa ndinangomumva dzina. Pansi tinkakolopa ndi madzi a phulusa, mapoto tinkakwecha ndi waya. Koma bafa ndi nkhani ina. Mabafa athu anali achitsulo cholemela, okutidwa ndi utoto woyela wosalala ngati wa mbale za enamelo. Ukaukanda utoto umenewo subwelelanso, ndipo litsilo limamanga nyumba m'mikwingwilimamo.

Bafa la m'chipinda chachitatu linali manyazi a nyumba yonse. Madzi athu a pachitsime anali ndi dzimbili, ndipo mpope wa pabafalo unkadontha usana ndi usiku. Mzele wofiila, kukula ngati chikhatho, unatsika kuchokela pampope mpaka pabowo potulukila madzi. Madalaivala a malole sankadandaula. Tinkangopachikapo thaulo.

Tsiku lina a Sakala analowa thukuta lili kamukamu. Uthenga unafika woti mkulu wina wa chipani wochokela ku Lusaka adzapuma kwathu madzulo omwewo, ali ndi akazi awo, asanapitilile ku Petauke. Chipinda chachikulu chinali chomwecho chachitatu.

"Amai Mumba, dzimbili lija lichoke lelo. Akaona zoipa, nchito yatha kwa ine, kwa inu, ndi kwa akhukhi omwe."

Dalaivala wina amene ankamwa tiyi pakhonde anati tithile asidi wa m'batile. A Sakala anayamba kugwedeza mutu movomela. Ine ndinali nditaonapo buluku la alongo anga litadyedwa ndi asidi ameneyo. Ndinagwada pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, ndipatseni mpaka dzuwa lipendeke. Ndikufuna mandimu ndi mchele basi."

Dzimbili la waya woyanikila likagwela pabulauzi yoyela, umo ndi momwe tinkalichotsela kwathu. Pabafa ndinali ndisanayesepo, koma sindinawauze.

Ndinayamba ndi mpope. Ndinatseka madzi kuthanki, mlonda anamasula mutu wa mpope ndi sipanala, ndipo ndinadula kamphila kozungulila pachubu chakale cha njinga kulowa m'malo mwa kamphila ka m'mpopemo kamene kanali katatha. Kudontha kunasiya. Ndinapukuta bafa mpaka gwa, chifukwa madzi amasukulutsa ndimu. Ndinathyola mandimu dengu lathunthu kuseli kwa khichini, ndikufinyila mumchele wosinja mpaka unakhala ngati phala lolimba. Ndinamata phalalo pamzele wonse, ndikuphimba ndi nsanza yonyika m'madzi a mandimu kuti lisaume kapena kutsetseleka.

Patapita ola ndinachotsa nsanza ndikutsuka. Mzele unangotuwa pang'ono. Ndinamatanso.

Kachiwili m'mbali munayela, koma pansi pa mpope penipeni panatsala chibanga chakuda ngati chiwindi. A Sakala anabwela, anayang'ana wochi, anayang'ana bafa, natuluka. Pobwelela anali ndi waya wokwechela mapoto m'manja.

Sindidziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinali mkazi wamasiye wa miyezi itatu yokha panchito, koma ndinaima pakati pa iwo ndi bafa.

"Bambo, mukakwecha liyela lelo, koma mwezi wamawa lidzakhala lakuda mpaka kalekale. Mukafuna kundichotsa, mundichotse mailo m'mawa. Lelo ndisiyeni nditsilize."

A Sakala anaponya waya uja m'ndowa. "Likakanika, mukawalandile nokha alendowo."

Kachitatu ndinamata phala lochindikala ndikukhala pansi pomwepo, ndikumadonthezela ndimu pansanza ikayamba kuuma. Zala zinali ndi timabala ta nchito, ndipo ndimu ndi mchele zinandiluma mpaka misozi. Dzuwa litapendeka ndinatenga theka la ndimu, ndikuliviika mumchele, ndikupukuta mozungulila pang'onopang'ono, osakanikiza. Chibanga chija chinasungunuka ndikuona ndi maso anga, madzi ofiila akutsikila kubowo. Ndinatsukuluza ndowa zinayi kuti mandimu asatsalile n'kudya utoto, ndikupukuta ndi nsalu youma.

Galimoto zinafika fumbi lili koboo. Mkulu uja sanalowe n'komwe m'bafa, anangodya nkhuku n'kumakamba ndi anzake. Akazi awo ndiwo anasamba. Potuluka anandipeza pakhonde ndi mathaulo, nafunsa kuti, "Kodi paudala mukumupeza kuti kuno? Ife ku Lusaka tamusowa." Nditawauza kuti ndi mandimu ndi mchele, anaseka, natulutsa kapepala m'chikwama kuti ndiwafotokozele bwino. Ine wosapita patali ndi sukulu ndinaima pamenepo ndikunena, mkazi wa bwana akulemba, a Sakala atagwila manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

Ndinagwila panyumba imeneyo zaka zambili, ndipo aliyense wobwela kudzayamba nchito ankatumizidwa kwa ine. Ndinkawaphunzitsa zomwe ndinatola tsiku lija: yamba watseka podontha, usakande chinthu chimene sungathe kuchibwezela, ndipo bwana akalakwa chifukwa cha mantha, muuze mwaulemu koma usasunthe phazi.