Thanki inayo inali yodzala

Alamu anga a Nyirenda, lelo njinga yamoto yandizimila panjila ya ku Mphamba, pamalo omwe aja munandipeza ndikuikankha, thukuta lili kamukamu. Munangowelama, n'kutembenuza kampopi ka mafuta. "Digili yonseyi, mulamu? Petulo alimo, sakufika chabe ku injini." Munandiseka mpaka pa boma.

Ndiye inu akatswili, kandeke kanu kowelengela nyama ku Lukusuzi kanakuzimilani m'mwamba n'kugwa, inu n'kutisiya. Ofufuza anati thanki imodzi inauma, inayo inali yodzala, kungoti simunasinthe msanga. Kumwambako kulibe pokankhila. Lelo kampopi ndatembenuza ndekha, njinga n'kulila. Inali nthawi yanga yokusekani, alamu, koma ndafika pa boma ndili chete.