Mizimu inanditengera kazako

Inu owerenga, ndikuvomera pamaso panu kuti ndinataya mwayi wa chikalata cha uasimiladu, chija chowerengera munthu wakuda ngati Mpwitikizi, chifukwa cha thukuta. Ena amagwa ndi mowa, ena ndi akazi a eni. Ine ndinagwa ndi dzuwa la kwathu ku Chifunde, ndipo ndikulemba izi kuti wina achenjere.

Ndine munthu wophunzira theka. Ndinali ku seminale, ndipo ndinachokako mwaulemu wonse, kudzera pazenera, nditamva kuti pa ntchito ya unsembe palibe apongozi. Chipwitikizi ndi Chilatini zokha ndinatuluka nazo, choncho m'zaka za m'ma 1950 anandilemba ntchito yomasulira mawu ku posito ya boma. Ndinali mkamwini kumudzi wakutali ndithu, ndiye m'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga kupita kuntchito.

Masiku amenewo munthu wakuda akapata chikalata cha uasimiladu sankagwidwa chibalo, sankamenyedwa mbalamatodya, thabwa lija lotupitsa manja, ndipo mwana wake ankalowa sukulu ya azungu. Mkazi wanga anali woyembekezera, choncho chikalatacho ndinkachifuna zenizeni. Shefi, mzungu woyang'anira posito, anandiuza kuti wochifuna azioneka ngati mzungu tsiku ndi tsiku: kazako wakuda, ndiye kuti jekete, buluku lakuda, malaya oyera, garavata pakhosi, nsapato kumapazi.

Kaya munapalasapo njinga m'chilimwe cha kwathu. Dzuwa limatuluka litakwiya kale. Nyenje zimalira mpaka m'mano, chishalo chimawotcha ngati chiwaya, ndipo pamitsinje youma umatsika n'kumakankha njinga mumchenga wofika m'akakolo. Ine ndinkachita zonsezi ndili m'kazako. Ndinkafika ku posito ndili wonyowa ngati mbuzi yovuulidwa m'chitsime. Tsiku lina shefi anagwira mphuno n'kunena kuti munthu wotukuka satuluka thukuta. Ananena zimenezi ali pamthunzi, atavala kabudula.

Apa m'pamene nzeru za ku seminale zinandipweteka. Pafupi ndi posito, usanakwere chitunda chomaliza, panali mlambe wa mphako, ndipo chapansi pake panali chitsime cha mumchenga. Ndinayamba kusiya zovala zaulemu m'mphakomo madzulo aliwonse. M'mawa ndinkapalasa ndili ndi kabudula yekha, chifuwa pamtunda, mphepo ikundiomba ngati munthu. Ndikafika pamlambe ndinkasamba, n'kuvala, n'kukwera chitunda pang'onopang'ono ndili wouma ngati Mpwitikizi.

Sindikunamizani kuti sindinkadziwa. Patsinde pa mtengowo ndinkaona mapale ndi ufa wothiridwa pansi. Unali mtengo wa nsembe, ndipo ndinausankha dala, podziwa kuti palibe mbala ingapisemo dzanja. Za eni mtengo sindinaziganizire.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Anthu anadzala pouma, mbewu n'kupserera m'nthaka. M'masiku omwewo kunabwera uthenga woti mzungu wamkulu akubwera kuchokera ku Tete kudzandiyesa: kavalidwe, kayankhulidwe, ndi kagwiridwe ka foloko. Ndinaphunzira folokoyo pa maungu mpaka mkazi wanga anaibisa.

Tsikulo litafika ndinapalasa mokondwa. Ndisanafike pamlambe ndinamva nyimbo ndi kuomba m'manja. Anthu a mudzi wapafupi anali atazungulira mtengo, akupempha mvula. Nsembe ya mvula imafuna nsalu yakuda, ndipo ku kantina, sitolo yathu ija, nsalu yakuda inali itatha. Kazako wanga anali atavundikira mtsuko wa mowa. Buluku linali litakulungidwa panthambi. Malaya oyera anali atasefera kale mowawo.

Ndinatsika panjinga, n'kunjuta, n'kuomba m'manja. Amene ankatsogolera nyimbo anali aNaphiri, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ndinawamasulirapo mlandu wa nkhumba ku posito.

"Amayi, pepani, zakudazo n'zanga," ndinatero chapansipansi.

"Zanu, a Seminale?" anafunsa mokweza kuti aliyense amve. "Ife takhala tikukuonani. M'mawa mumabwereka, madzulo mumabweza. Ndinu munthu wokhulupirika, timakutamani. Koma lero eni ake akuzifuna okha."

Bambo wina anandikankhira nsapato ndi ndodo. "Izi tengani, mizimu siopa minga."

"Kachingwe kapakhosikonso apatseni," anatero aNaphiri. "Mbuzi tamanga kale."

Inu owerenga, njira inalipo. Kazako anali wathunthu, buluku lathunthu. Ndikanathamangira ku posito n'kubwera ndi asipayo, apolisi a boma aja, zovala ndikanazipeza, anthu aja akanagona ndi manja otupa, ine ndikanagona ndili asimiladu. Musaganize kuti ndinaleka chifukwa cha chiyero, chiyero ndinachisiya pazenera paja. Ndinangoyang'ana kazako uja ali padzuwa, akutentha ngakhale mulibe munthu, khungu langa n'kukana. Ndinadzifunsa kuti, kodi ndi munthu wanji amene amagona m'mphako, m'mawa n'kumavalidwa? Ngati mzungu wa ku Tete wabwera kudzayesa ameneyo, akamuyese pamtsuko pomwepo.

Ndinavala nsapato. Ndinamanga garavata bwinobwino pachifuwa chopanda malaya. Ndinakwera njinga, ndipo chitunda chija ndinachipalasa ndi mphamvu zonse kuti thukuta lituluke lokwanira. Lamulo linali lakuti munthu wakuda atsike panjinga akaona mbendera. Ine ndinatsikira pakhonde penipeni.

Ndinapereka moni m'Chipwitikizi chosalala, cha m'mabuku. Mzungu wa ku Tete anafunsa shefi ngati munthu wake uja anali ameneyu. Shefi anafiira mpaka m'makutu. Ndinafotokoza mwaulemu kuti zovala zanga zatsalira pantchito ina, zikupempha mvula yoti thonje la boma limere, koma mwini wake wafika, ndipo foloko ali nayo m'thumba.

Sanaseke. Azungu aja analibe khutu la nthabwala.

Mbalamatodya ndinailandira tsiku lomwelo, ndipo manja anatupa moti njinga ndinabwerera nayo ndikuikankha ndi zigongono. Ntchito inatha. Sabata isanathe anandigwira chibalo, ndipo ananditumiza kukakonza msewu womwe uja ndinkapalasamo. Miyala yonse imene inkandiboolera matayala ndinaizula ndekha, umodziumodzi, ndipo ndikutsimikiza kuti msewuwo sunakonzedwepo ndi munthu wodziwa Chilatini chiyambire.

Mwana wanga anabadwa ine ndili kumsewuko. Sukulu ya azungu sanailowe, anaphunzirira pansi pa mtengo kwa katekisita. Ichi chokha ndicho chimandipweteka, ndipo pamenepa sindiseka. Koma mukandifunsa ngati ndikanaitana asipayo ndikanadziwa zonsezi, yankho ndi lomwelo: ayi.

Mvula inagwa, inde. Inatipeza tili ndi makasu pamsewu. Sindikunena kuti anaigwetsa ndi kazako wanga. Ndikungonena kuti zaka zonse zimene anthu ankapereka nsalu wamba, sinagwepo yotero.

Malangizo anga ndi awa, inu owerenga. Mukaona ufa patsinde pa mtengo, katundu wanu pitirirani naye, chifukwa osunga a pamenepo sanalembedwe ntchito yobweza. Ndipo wina akakulonjezani umunthu pokhapokha mutavala zimene simungapalase nazo njinga m'dziko lanu lomwe, muwerengeretu mtengo wake mwana asanabadwe, kenako musankhe maso ali poyera. Ine ndinasankha mochedwa, ndili pa kabudula, koma ndinasankha.

Mpaka lero mvula ikachedwa, anthu a mudzi uja amandiimitsa panjira n'kufunsa kuti, "A Seminale, mulibe kazako wina wakuda?" Ndimawauza kuti akafunse ku posito. Kumeneko aliko ambiri, kungoti muli anthu m'kati.