Zimene Liness Anamasulira

Mwanahalima anabadwira ku Liwaladzi ndipo sukulu analekezera Sitandade 4. Mwamuna wake atamwalira, analowa ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, n'kugwirapo zaka zisanu ndi zinayi. Anali mayi wosabisa mawu. Sopo akachepa ankanena, nsalu ya pabedi ikang'ambika ankakana kuiyalira mlendo.

Bwana wa pamalopo, mayi wochokera kunja, akamuona akudutsa ndi beseni ankauza alendo akumwetulira kuti, "She's a piece of work." Alendowo ankaseka. Tsiku lina Mwanahalima anafunsa Liness, mnzake wolandira alendo, amene ankadya naye mbale imodzi masana alionse.

"Akuti ndinu katswiri pa ntchito, asisi," anatero Liness. "Simukumva weki pamenepo?"

Weki, kutanthauza ntchito, ankaimvadi. Kuyambira tsikulo bwana akangonena mawuwo, iye ankanyonyomala pang'ono n'kuthokoza, Liness ali kuseka pambali.

Chaka chatha, pa ukwati wa mdzukulu wa achimwene ake ku Dwangwa, Mwanahalima anakhala moyandikana ndi a Zaidi, msuweni wake wophunzitsa Chingerezi kusekondale. Anawauza mawuwo monyadira. A Zaidi anatula mbale ya mpunga pansi.

"Akamanena, alendowo amayang'ana inu kapena amayang'anana okhaokha?"

Mwanahalima anaganiza kaye. "Amayang'anana."

"Asuweni, mawu amenewo satamanda munthu. Amanena munthu wovuta, wotopetsa kukhala naye. Ena amanena mocheza, inde, koma amacheza ndi munthu amene akumva."

Za bwana sizinamupweteke Mwanahalima kwenikweni, poti bwana sanadye naye mbale imodzi.

Lolemba anamupeza Liness kuseri kwa khitchini.

"Unkadziwa?"

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani, asisi."

"Nanga ndikamathokoza, iwe unkaseka chiyani?"

Liness anangoyang'ana pansi, akupotokola makiyi a zipinda.

Mwanahalima anamaliza mweziwo osakangana ndi munthu, kenako anatsanzika. Lero amakhala ku Dwangwa, kumene amachapa ndi kusita zovala za anthu ogwira ntchito kufakitale ya shuga, ndipo makasitomala ake amadziwa kuti kolala ikatha amawauza pamaso. Liness anamuimbira foni kawiri. Ulendo wachiwiri Mwanahalima anayankha, anafunsa za ana, n'kunena kuti simbi ikuzizira.