Maola Khumi ndi Atatu ku Istanbul

Ndinaganiza zochoka mlungu umene ng'ombe yathu yomaliza inafa ndi matenda a nkhupakupa. Ndinali nditamaliza maphunziro a za mkaka ku Palabana, pepala lili m'sutikesi, koma kwathu ku Kanakantapa khola linali pululu. Mnzanga amene tinaphunzira naye anali atapita kale ku Ireland, ndipo ananditumizira uthenga kuti pafamu ina ya ng'ombe za mkaka akufuna munthu. Amai ndinawauza tili m'munda tikukolola chimanga.

"Esnati, uzakwanisa mphepo ya kuja?" anandifunsa.

"Nizakwanisa, amai."

Anasenda chimanga china, n'kuchiponya pamulu. "Ngati waganiza, yenda. Ise tilipo na mulamu wako."

Mlamu wangayo ndi ba Jeni, mkazi wa achimwene anga amene amayendetsa malole ndipo sakhalitsa pakhomo. Nthawi imeneyo ndinkawadziwa ngati munthu wofatsa, wosachedwa kuvomera, wokhala ndi mwana kumsana nthawi zonse.

Popita, ndege inatera ku Istanbul, kumene ndinayenera kudikira ina kwa maola asanu ndi anayi. Ndinapeza mpando pafupi ndi chipata chokwerera ndipo sindinasunthe. Chikwama chinali pamiyendo, pasipoti m'kati mwa bulauzi. Kuchimbudzi ndinapita kamodzi kokha, mothamanga, kuopa kuti ndege indisiya. Za mzindawo ndinangoona dzina lake pachikwangwani.

Ku Ireland ndinakhala zaka zisanu. Ntchito ndinaidziwa msanga: kulowetsa ng'ombe, kupukuta mabere, kulumikiza makina okamira, kutsuka, madzulo chimodzimodzi. Eni famu anali anthu abwino koma osalankhula. Mvula ya kumeneko siigwa ngati yathu, imangowaza tsiku lonse mpaka kulowa m'mafupa. Lamlungu ndinkapita kutchalitchi kumene kunali okalamba ochepa, nyimbo n'kumaimbidwa ngati anthu akuopa kudzutsa munthu. Panali masabata amene Chinyanja ndinkachilankhula ndi ng'ombe zokha. Zinazolowera. Ndikati "sendera iwe", zinkasendera.

Ndalama zinalipo, sindinganame. Mwezi ukatha ndinkatumiza kunyumba: za feteleza, za malata, za mankhwala a maondo a amai. Chaka chachiwiri ndinatumiza zogulira ng'ombe ziwiri zazikazi kuti khola lisakhale lopanda kanthu. Kulankhula kwathu pafoni kunali kwachidule, chifukwa netiweki ya ku Kanakantapa imafuna kukwera pachulu. Ine ndinkafunsa kuti, "Zafika?" Ba Jeni ankayankha kuti, "Zafika mulamu, zikomo." Pang'onopang'ono ndinayamba kudziona ngati mzati wa nyumba yonse. Ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzasiye kutumiza, denga lidzawagwera. Maganizo amenewo ankandilemera, komanso ndivomere kuti ankandikomera.

Chaka chachisanu ndinaona kuti zakwana. Ndinkafuna ng'ombe zanga, pa dothi lathu. Tikiti yotchipa yobwerera inali yodikira maola khumi ndi atatu ku Istanbul komweko, kuyambira m'mawa. Ulendo uno ndinakana kukhala pampando. Munthu amene waberetsa ng'ombe yekha m'chisanu saopa mzinda. Chilolezo cholowera m'dzikolo ndinachipezeratu pa intaneti, ndinasunga mapu m'foni, n'kutchera alamu yoti indikumbutse kubwerera kudakali maola anayi. Nditatera ndinasiya chikwama posungira katundu, n'kukwera sitima yapansi panthaka yopita mumzinda.

Ndinayambira kumzinda wakale. Ndinalowa m'nyumba yaikulu yopemphereramo imene kale inali tchalitchi, tsopano ndi mzikiti. Ndinafunda mpango kumutu monga amafunira. Miyala ya pakhomo ndi yokumbika chifukwa cha mapazi a anthu, ndipo ndinaima pamenepo kwakanthawi, ine mwana wa pamalo pamene nyumba yakale kwambiri ndi ya zaka za amai anga. Kenako ndinagula buledi wozungulira wowazidwa chitowe, n'kukwera boti lowolotsa anthu kupita kutsidya lina la mzindawo. Anthu anali kumwa tiyi m'timatambula ting'onoting'ono, ena akuwerenga, ena akugona. Kwa iwo linali ngati minibasi ya kwathu yopita ku Chongwe. Ine ndinaima panja, mphepo ikundimenya, ndikuseka ndekha.

Pa pepala langa ndinali nditalemba kuti masana ndikaona nyumba ya mafumu akale. Sindinakafikeko. Nditatsika boti ndinalowa m'kanjira ka msika, ndipo mphuno yanga inamva fungo limene siingalakwitse, la mkaka wowira. Linkachokera m'kasitolo kakang'ono, kosaposa khitchini yathu. M'galasi munali tchizi choyera, batala, ndi yogati m'miphika yadothi. Amayi ena ankabwera ndi zotengera zawo, mwini sitolo n'kuwatapira.

Mwiniyo anali bambo wachikulire wa ndevu za pamlomo zoyera. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho tinkalankhulana kudzera m'foni yomasulira mawu. Anandipatsa chakumwa cha yogati wosungunula ndi madzi, wothira mchere pang'ono. Ndinamusonyeza zithunzi za ng'ombe zimene ndinkakama. Anayang'ana zithunzizo, kenako manja anga, n'kutsegula kachitseko ka kuseri.

Kuseriko kunalibe makina aakulu ngati a ku Ireland. Kunali miphika, nsalu zoyera zokolowekedwa zikudontha madzi, ndi mabulangete ofunditsira miphika kuti isazizire msanga. Anandionetsa mmene amatenthetsera mkaka, mmene amaudikirira, ndi pamene amathiramo yogati wa dzulo. Zambiri ndinaziphunzira kale m'kalasi, koma ndinali ndisanaonepo munthu akulera banja ndi chipinda chimodzi chotero. Ndinamufunsa kuti ali ndi ng'ombe zingati. Analemba m'foni, n'kundipatsa kuti ndiwerenge: "Ndilibe ngakhale imodzi. Ndili ndi anthu oyandikana nawo amene amabwera tsiku lililonse. Agogo anga anagulitsa kwa agogo awo."

Ndinakhala pamenepo maola awiri, ndikulemba, ndikujambula zithunzi. Alamu italira ndinali ndi nthawi yokwanira kukwera boti, sitima, n'kukasamba kumaso pabwalo la ndege. M'ndege sindinagone. Ndinali kumanga kasitolo kanga m'mutu. Ndinkadziwa kuti ku Silverest kwadzaza nyumba zatsopano za anthu ogwira ntchito ku Lusaka, anthu ofuna mkaka wabwino koma opanda khola. Ndinkabwerera kwathu ndi nzeru yoti ndikawatsegule maso.

Tsiku lachiwiri ndili pakhomo, alendo odzandilonjera atachepa, ndinawaitana amai ndi ba Jeni pansi pa mtengo wa mango. Ndinawaonetsa zithunzi, n'kufotokoza zonse mwadongosolo: ng'ombe, mkaka, mabotolo, Silverest. Ndinalankhula ngati mphunzitsi. Amai ankangoyang'ana kumbali, akusisita bondo. Ba Jeni anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwasiliza, mulamu? Tiyeni nikuonetseni chinthu."

Ananditengera ku kachipinda ka kuseri kwa nyumba, kamene ine ndinkayesa kosungira makasu. M'katimo munali filiji yoyendera sola, zidebe zotsukidwa bwino zovundikiridwa pathandala, ndi mabotolo a mabisi, mkaka wowawasa uja, ondandalikidwa m'makireti. Ng'ombe ndinali ndisanazione chifukwa ndinafika usiku, ndipo m'mawa zinalawirira kubusa. Anandiuza kuti tsopano zinali zisanu ndi imodzi. Ba Jeni ankagulanso mkaka kwa mabanja atatu oyandikana nafe. M'mawa uliwonse ankakweza makireti panjinga mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi kupita ku Silverest, kumene anali ndi nyumba zowadikira. Anali atachita zimenezi kwa zaka zitatu.

"Nanga simunaniuze bwanji?" ndinafunsa.

"Simunafunse, mulamu. Munali kufunsa chabe ngati ndalama zafika."

Sanalankhule mokwiya. Anali kungonena zimene zinachitika. Ndinachita manyazi, ndipo ndinafuna kudziteteza. Amai anali atafika pakhomo la kachipindako ndi ndodo yawo.

"Ng'ombe unagula ndiwe, palibe angakane," anatero. "Koma amene anali kuuka nazo m'mamawa ni uyu."

Ba Jeni anatenga foni yanga, n'kubwereranso pa chithunzi cha miphika yofunditsidwa mabulangete. Anachikulitsa ndi zala.

"Iyi ndiye inanikanga," anatero. "Makasitoma bafuna yogati. Nayesa kangati, ikungochita manzi. Uyu mudala achita bwanji?"

Pamenepo ndinapeza malo anga. Madzulo omwewo tinatereka mphika woyamba, ndipo wachitatu ndi umene unagwira bwino. Ndalama zimene ndinabwera nazo tinagulira filiji yachiwiri ndi njinga yamoto. Lero yogati ndi tchizi ndimapanga ine, koma misika, mitengo ndi anthu otipatsa mkaka amayendetsa ba Jeni, ndipo ndikafuna kusintha kanthu ndimayamba ndawafunsa. Zaka zisanu zija ndinkaganiza kuti kwathu kuli chikhalire, kukudikira ine. Kunali kukuyenda, ndipo amene anatsalira pa nkhani ndinali ine.

Patangotha mlungu chibwerereni kwathu, ndinapita ndi ba Jeni koyamba ku Silverest. Ndinanyamula kireti, iwo ali patsogolo, akugogoda pa mageti amene agalu ake anali kuwadziwa. Pa nyumba ina kunatuluka mayi wovala za kuofesi, makiyi a galimoto ali m'manja. Anatenga mabotolo ake awiri, n'kundiyang'ana.

"Ba Jeni, mwapeza wanchito?"

Ndinadikira kuti mlamu wanga anene za Ireland, za Palabana, za ndege. Ba Jeni anali kubweza chenji.

"Ni mulamu wanga," anatero. "Akali kuphunzira njira."

Ndinamupatsa moni mayiyo mwaulemu, n'kusenza kireti kupita ku geti lotsatira.